GOFU KU DURBAN: ZOWAWA ZACE NDI MACIRITSO OPANDA MPENI

Nkhani yathu ya lero icokera ku Durban, mzinda wa m'mbali mwa nyanja yaikuru ya mcere, ndipo iri ya masewera a gofu: zowawa zimene masewerawa amasiya m'thupi la munthu, ndi m'mene zowawazo zimacirira popanda mpeni wa dotolo.

Kapena wina adzati, "Gofu ndi masewera a anthu acuma, nanga ine andikhudza bwanji?" Taimani pang'ono. Pa bwalo liri lonse la gofu, kaya ndi ku Blantyre Sports Club, kaya ku Lusaka Golf Club, kaya ku Royal Harare, pamayenda anthu awiri: womenya mpira, ndi wonyamula thumba la ndodo zace, amene pa bwalopo amamucha caddie. Waciwiriyu kawirikawiri ndiye mbale wathu, ndipo msana wace ndiwo munda wace. Ndiponso zowawa zimene tidzachula pano zimagwiranso wolima ndi khasu, wodula mitengo ndi nkhwangwa, ndi mai wosinja pa mtondo. Mpini ndi mpini basi.

Ku Durban kuli mabwalo akale ochuka. Lina ndilo Royal Durban, limene liri pakati pa bwalo la mjaha wa akavalo la Greyville. Lina ndilo Durban Country Club, limene linatsegulidwa m'caka ca 1922 pa zitunda za mcenga pafupi ndi nyanja, kotero kuti munthu woyenda pamenepo angokwera ndi kutsika kufikira masewera atha. Mu mzinda womwewu munacokera Sewsunker Sewgolum, amene anthu anamucha Papwa, Mmwenye waumphawi amene anayamba ndi kunyamula matumba pa bwalo la Beachwood. Iye anagwira ndodo mosiyana ndi anzace onse, dzanja lamanzere pansi, lamanja pamwamba, koma anapambana mpikisano wa Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964, ndi wa Natal Open kawiri, mu 1963 ndi 1965, pamene anaposa ngakhale Gary Player. Malamulo a tsankho sanamlole kulowa m'nyumba ya kalabu, ndipo mphoto ina anailandirira pabwalo mvula irikugwa. Anamwalira mu 1978, ndipo lero bwalo lina la gofu mu mzindamo lichedwa dzina lace. Tamchula kuti mudziwe kuti wonyamula thumba ndi womenya mpira nthawi zambiri ali munthu mmodzi yemweyo, amene thupi lace lisenza katundu wa nchito ziwiri.

Tsono cinthu cimene tiyenera kucimvetsa poyamba ndi ici. Pa mpira wa miyendo munthu amabvulala cifukwa mnzace wamponda kapena wamgwetsa. Pa gofu palibe wokugunda. Zowawa zambiri za gofu zimadza cifukwa ca kubwereza cinthu cimodzi kambirimbiri, monga cingwe ca pa citsime cimene sicimaduka tsiku limodzi koma cimanyotsoka pang'onopang'ono pa malo amodzi. Munthu akamenya mpira kuti upite kutali, thupi lace limapotoka ndi kubwerera m'kanthawi kosakwana masekondi 2, ndipo mutu wa ndodo umathamanga makilomita ngati 150 pa ora. Kucita cotere kamodzi si kanthu. Koma wophunzira amene wagwidwa ndi cikondi ca masewerawa amamenya mipira 100 kapena 200 tsiku limodzi, nabweranso m'mawa mwace. Cimene cidadza ndi kubwereza cimacoka ndi kucepetsa katundu ndi kulimbitsa ciwalo; ndico cifukwa cace mpeni sufunika kawirikawiri.

Tiyambe ndi msana, pakuti ndiwo umene osewera ambiri amalira nao. Mapfupa a m'munsi mwa msana analengedwa kuti aziwerama ndi kuweramuka, koma kupotoka amapotoka pang'ono cabe. Kupotoka kwa gofu kuyenera kucokera m'ciuno ndi m'cifuwa. Tsono munthu amene akhala pa mpando sabata lonse, ciuno cace n'kuuma, akafika pa bwalo Loweruka m'mawa namenya mpira ndi mphamvu zace zonse, m'munsi mwa msana ndimo mumalipira mlandu wa ciunoco. Kawirikawiri imene yapweteka ndi minofu ndi mfundo zazing'ono. Nthawi zina ndi tinthu tofewa tonga nkhata timene tiri pakati pa mapfupa a msana. Kamodzi kakatundumuka kamapsinja mtsempha wopita ku mwendo, ndipo ululu umatsika kufikira ku katumba kapena ku phazi.

Kale madotolo anali kugoneka munthu wotere pa kama masabata ambiri. Tsopano adziwa kuti kugona kumacedwetsa kucira. Ngati ululu wakula, gonani tsiku limodzi kapena awiri, koma pambuyo pace dzukani, yendani pang'ono kangapo pa tsiku, ndi kuthowa msana ndi nsaru ya madzi ofunda. Ululu ukayamba kuzirala, limbitsani minofu ya pamimba ndi ya m'ciuno. Njira imodzi yapafupi nayi: gonani cagada pa mphasa, pindani maondo, mapazi ali pansi, kwezani ciuno kufikira thupi liwongoka kucokera ku mapewa kufikira ku maondo, werengani mpaka 5, ndipo tsitsani, bwerezani ka 10. Anthu ambiri amapeza bwino pasanathe masabata 6, ndipo ngakhale a ululu wotsikira ku mwendo ambiri amacira m'miyezi itatu popanda opareshoni.

Caciwiri ndico cigongono. Pali kudwala kumene Angerezi anakupatsa dzina la gofu, ndiko kuwawa kwa m'kati mwa cigongono, mbali yoyang'ana ku nthiti. Koma codabwitsa ndi cakuti osewera wamba ambiri amamva kuwawa kunja kwa cigongono, kumene kuli ndi dzina la masewera a tenisi, makamaka pa mkono wotsogola, ndiwo wamanzere kwa munthu wosewera camanja. Konse kuwiri gwero lace ndi limodzi. Minofu imene imafumbata ndi kupinda dzanja imamangika pa pfupa la cigongono ndi mtsempha wolimba wonga cingwe. Munthu akafinya ndodo kwambiri, kapena akamenya nthaka m'malo mwa mpira, cingweco cimanyotsoka pamene camangikapo. Mudzacidziwa ndi ici: kukweza ketulo kuwawa, kupotokola nsaru yocapa kuwawa, ngakhale kupatsa mnzanu moni wa dzanja kuwawa.

Pamenepa pafunika kupirira, pakuti mtsempha wotere uli ndi mwazi wocepa ndipo umacira mocedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku awiri kapena atatu oyamba ikanipo madzi oundana okulunga m'nsaru kwa mphindi 15, osaika pa khungu peni peni. Lekani kumenya mipira, koma mkono musaumangirire m'khosi. Mankhwala eni eni a cigongono ndiwo kuphunzitsanso mtsempha kunyamula katundu. Khazikani mkono pa tebulo, dzanja litapitirira m'mphepete, mutagwira botolo la madzi. Ngati kuwawa kuli kunja, cikhato ciyang'ane pansi. Ngati kuli m'kati, ciyang'ane kumwamba. Kwezani dzanjalo mothandizidwa ndi dzanja linalo, ndipo litsitseni lokha pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 5. Kutsitsako ndiko kuciritsa. Citani ka 15, pumulani, bwerezani katatu, tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu, mukuonjezera madzi m'botolo pamene mkono ulimba. Kuwawa pang'ono pocita zimenezi sikuopsa; kuwawa kumene kwakula m'mawa mwace kutanthauza kuti mwalemeretsa msanga. Lamba womanga pa mkono, zala ziwiri kapena zitatu kunsi kwa cigongono, amathandiza ena pa nchito. Mwa anthu 10 odwala kunja kwa cigongono, 8 kapena 9 amacira pasanathe caka.

Ambiri amafunsa jekeseni. Jekeseni ya cortisone imacotsadi ululu wa cigongono kwa masabata owerengeka, ndipo munthu amaturuka m'cipatala alikuyamika. Koma madotolo atawatsata odwalawo kufikira caka, anapeza kuti olandira jekeseniyo sanacire bwino kuposa amene sanalandire, ndipo ambiri ululu unawabwerera. Ife tiona kuti cifukwa cina ncakuti ululu ndiwo mlonda. Mlonda akagona, munthu amabwerera ku bwalo cingwe cisanalumikizike. Za kutema mphini sitinena zambiri: mphini imaceka khungu, pamene bvuto liri pa pfupa.

Pa mfundo ya dzanja pali cinthu cimodzi cimene siciyenera kudikira. M'munsi mwa cikhato, mbali ya kacala kakang'ono, muli kapfupa kokhala ndi ngowe, kamene madotolo amakacha hamate, ndipo mapeto a ndodo amatsamira pomwepo. Ndodo ikagunda muzu kapena mwala, ngoweyo ikhoza kuthyoka. Cithunzi ca X-ray ca masiku onse kawirikawiri siciionetsa. Cotero ngati munagunda cinthu colimba ndipo pamalopo papweteka masabata awiri osaleka, kapena tizala tiwiri totsiriza tacita dzanzi, muuzeni dotolo m'mene munabvulalira kuti ajambule mwa njira yina. Zowawa zina za pa mfundoyi zimamva kupumula ndi kacomangira ka masabata ocepa.

Za phewa ndi nthiti tingopitapo msanga. Phewa limabvuta makamaka akuru opitirira zaka 50, ndipo limafuna kulimbitsa timinofu ta kumbuyo kwace ndi kufupikitsa kakwezedwe ka ndodo. Nthiti zimang'aluka mwa ophunzira acangu amene amenya mipira yambiri masabata oyamba; munthu amamva kulasa popuma kwambiri kapena potsokomola, ndipo mankhwala ace ndi kuleka gofu masabata 6 kapena kupitirira.

Mankhwala akumwa ali ndi malire. Panado munthu wamkuru asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku. Ibuprofen amwedwe mutadya, kwa masiku owerengeka, ndipo a zironda za m'mimba, a matenda a impso ndi amai apakati asamwe osafunsa dotolo. Kumwa mapiritsiwa m'mawa uli wonse kuti mukathe kusewera ndiko kutseka pakamwa pa mlonda tamchula uja. Ndipo ku Durban, kumene kutentha ndi cinyezi ca miyezi ya December kufikira February zimakhetsa thukuta ngati madzi, ibuprofen pa thupi louma ndi ludzu amapweteka impso.

Tsono mverani bwino, pakuti pali zizindikiro zimene sizifuna nsaru yofunda koma cipatala tsiku lomwelo: mkodzo kapena cimbudzi kuturuka cokha kapena kukanika, dzanzi pakati pa miyendo, ndi phazi lofooka lomakokeka poyenda. Pitaninso msanga ngati msana uwawa usiku wonse pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda. Ku KwaZulu-Natal, monganso kwathu kuno, cifuwa cacikuru ncofala, ndipo cimalowa ngakhale m'mapfupa a msana. Munthu akhoza kunamizira thumba la gofu miyezi yambiri pamene matenda alikudya pfupa.

Anyamata amakonda kusimba za Tiger Woods, amene mu 2008 anapambana US Open ali ndi mtsempha wa bondo woduka ndi pfupa la mwendo long'aluka. Nzoona. Koma asimbenso kuti atangopambana anamcita opareshoni ndipo sanasewerenso caka cimeneco, ndi kuti kuyambira 2014 msana wace unang'ambidwa kangapo, kufikira mu 2017 analumikiza mapfupa ace awiri. Iye anali ndi cuma ca kulipira zonsezo.

Wonyamula thumba alibe cuma cotero, ndipo kumuuza kuti "pumula mwezi" ndiko kumuuza kuti ana agone ndi njala. Thumba lalikuru la ndodo 14, pamodzi ndi mipira, ambulera ndi madzi, likhoza kulemera makilogalamu 15 kapena kuposa, ndipo ulendo wa maenje 18 uli ngati makilomita 8, pa zitunda. Cotero kwa iye tinena zimene zingatheke. Ngati thumba liri ndi malamba awiri, abvale onse awiri. Ngati liri ndi limodzi, asinthe phewa pa dzenje liri lonse. Ponyamula apinde maondo, thumba liri pafupi ndi thupi, osalikoka cam'mbali atapotoka. Masiku amene msana wabvuta apemphe kangolo kokankha, ndipo aleke kaye masewera ace a iye mwini, pakuti mwa nchito ziwiri zija imeneyi ndiyo ingadikire. Inunso eni matumba amene mulikumvera, tsegulani matumba anu muone zimene mnzanu alikukusenzerani cabe. A fizo, amene anaphunzira kuwongola ziwalo, amapezeka m'zipatala zazikuru za boma. Funsani kuti akutumizeni kwa iwo.

Pobwerera ku masewera, dikirani kufikira nchito za panyumba zisawawenso. Yambani ndi kukunkhuniza mpira pafupi ndi dzenje, kenaka ndodo zazifupi, mipira 20 kapena 30 yokha, mukulumpha tsiku pakati. Ndodo yaitali ija ikhale yotsiriza. Pa bwalo fikani mphindi 10 nthawi isanakwane, yendani mofulumira kufikira thupi lifunde, zunguzani ciuno ndi mapewa, ndipo gwedezani ndodo kangapo popanda mpira. Ngati kuwawa kubwerera pa kamenyedwe kamodzi komweko, pemphani mphunzitsi wa pa bwalo akuonereni m'mene mugwirira ndodo.