Akamudzutsa, maso achita mdima

Munthu amene wathyoka khosi pa ngozi ya kabaza, kapena pogwa mu mtengo wa mango, amagona chagada kwa masabata. Tsiku lomukhazika panjinga ya olumala koyamba likafika, achibale amayembekezera chimwemwe. Koma posakhalitsa nkhope yatuwa, makutu akulira, maso achita mdima, ena mpaka kukomoka. Gadiyani amafulumira kuganiza za njala kapena kuchepa kwa magazi, chonsecho nthawi zambiri vuto ndi BP yomwe yatsika mwadzidzidzi.

Madokotala amati vutoli lilipo ngati nambala yapamwamba ya BP yatsika ndi 20, kapena yapansi ndi 10, pasanathe mphindi 3 chidzutsireni wodwalayo. Munthu akaimirira, ubongo umalamula mitsempha ya magazi ya m'mimba ndi m'miyendo kuti ifinyike. Msana ukavulala pa fupa la T6, chapakati pa mapewa, kapena pamwamba pake, lamulolo silifika. Magazi amadikha kumunsi ndipo ubongo umatsala ndi ochepa.

Kumalo ophunzitsa anthu ovulala kukhalanso paokha, monga ku Kachere mu mzinda wa Blantyre, chinthu chachikulu ndi kusapupuluma. Wodwala amatsamiritsidwa kaye pabedi, kenako n'kukhazikidwa pang'onopang'ono. Lamba wotambasuka womanga pamimba ndi masokosi othina amathandiza ngati avalidwa asanadzuke. Madzi akhale okwanira, mchere aonjezere pokhapokha adokotala atavomereza. Nsima yambiri nthawi imodzi imakokera magazi m'mimba, choncho ndi bwino kudya pang'ono kangapo. Dzuwa la mu Okutobala nalo limaonjezera vutoli.

Zikakanika pali mankhwala monga midodrine ndi fludrocortisone. Midodrine samwedwa pokagona, chifukwa amakweza BP munthu ali chigonere. Mu 2021, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Grégoire Courtine ku Lausanne ndi Aaron Phillips ku Calgary lidaonetsa kuti kachipangizo ka magetsi koikidwa pamsana kangathe kukhazikitsa BP, koma thandizo lotere likadali kutali ndi odwala ambiri.

Chomwe gadiyani aliyense ayenera kuchidziwa n'chakuti chizungulire chikayamba, apendeketse njinga chagada ndi kukweza miyendo ya wodwala. Koma ngati mutu ukupweteka kwambiri, nkhope yafiira ndipo thukuta likutuluka, BP yakwera: amukhazike tsonga, amasule lamba, aone ngati paipi ya mkodzo yatsekeka, ndipo athamangire kuchipatala. Achipatala asatulutse wodwala asanaphunzitse achibale kusiyanitsa ziwirizi.