Amakaniko ndi omata matayala: mmene mungalowere m'kaundula wa othandiza apaulendo

Aliyense wokhala m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa Lizulu, kudutsa pa Mlangeni, pa Biriwiri, paboma ndi pa Kampepuza mpaka pa Chingeni, anaonapo nthambi za mitengo zitandandalikidwa paphula. Tonse timadziwa tanthauzo lake: kutsogoloko galimoto yafa. Kawirikawiri vuto limakhala laling'ono. Tayala laphulika, batire yatha mphamvu, fanibeluti yaduka, kapena injini yatentha pokwera mtunda. Komabe dalaivala amaimba foni ku Blantyre kapena ku Lilongwe n'kudikira usiku wonse, pomwe makaniko woidziwa bwino ntchitoyo ali pamtunda woyenda pansi, ndipo tsiku limenelo sanagwireko ngakhale kwacha imodzi.

Dalaivalayo sitingamunene. Galimoto si yake, katundu si wake, ndipo sangapereke makiyi kwa munthu amene wangotulukira mumdima atanyamula sipanala. Iye amaimbira nambala imene bwana wake kapena kampani ya inshuwalansi inamupatsa. Nambala zimenezo zimachokera m'kaundula, ndipo nkhani ino ikufotokoza mmene munthu wodziimira payekha angalowere m'menemo.

Kaundula amene tikunenayu ndi mndandanda wa mayina, manambala a foni, malo ndi ntchito za anthu amene angaitanidwe galimoto ikawonongeka panjira. Amausunga ndi makampani a inshuwalansi, eni mathiraki ndi mabasi, komanso mabungwe okhala ndi magalimoto ambiri oyenda m'maboma. Boma lathu lili pafupifupi pakatikati pa mizinda iwiri ikuluikulu ija, choncho kutumiza makaniko kuchokera kumzinda kumawadyera mafuta ndi nthawi. Munthu wodalirika wa pa Nsipe kapena pa Manjawira amawapulumutsa ku zonsezo. N'chimodzimodzinso kumsewu wa M5, cha ku Kasinje ndi ku Sharpevale.

Choyamba kumvetsa n'chakuti kulowa m'kaundula si kulembedwa ntchito. Palibe malipiro a pamwezi, palibe penshoni, ndipo palibe lonjezo lakuti foni idzalira sabata ino. Zida ndi zanu, mayendedwe ndi anu, ndipo mukalakwitsa n'kuwononga giyabokosi ya mwini, mlandu ndi wanu. Chimene mwini kaundula amakupatsani ndi dzina lake: akuuza kasitomala wake kuti munthu uyu timamudziwa. N'chifukwa chake amafufuza kwambiri asanakulembeni, ndipo sachedwa kukufufutani.

Mgwirizano umakhala wa mitundu iwiri, ndipo funsani kuti wanu ndi uti musanasaine. Ena amangopereka nambala yanu kwa dalaivala, inu n'kumvana naye mtengo ndi kulandira ndalama pompo, pamanja kapena pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ena amakutumani okha, inu n'kugwira ntchito, kulemba invoisi ndi kudikira kuti akulipireni kudzera kubanki. Njira yachiwiriyi ndiyo imabweretsa ntchito zikuluzikulu, koma imafuna munthu wa mpamba wokwanira, chifukwa zipangizo mumagula ndi ndalama zanu ndipo malipiro angatenge masabata angapo. Kampani imathanso kudula msonkho wa boma isanakupatseni ndalamazo. Zikatero, itanitsani chikalata chosonyeza kuti msonkhowo wadulidwa, musunge. Amene alibe ndalama yodikirira ndi bwino ayambe ndi njira yoyamba.

Tsopano za mapepala, pomwe ambiri amagwera mphwayi. Chitupa cha unzika, chimene bungwe la NRB linayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017, ndicho chiyambi, ndipo nambala ya foni imene mupereke ikhale yolembetsedwa m'dzina lomwelo. Kenako pamafunika chiphaso chochitira malonda, chomwe chimaperekedwa kuno kukhonsolo ndipo chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Ambiri amachiona ngati njira yongotolera ndalama, koma kwa munthu wokhala mu ofesi ku Blantyre amene sanakuonenipo, chiphasocho ndi umboni wakuti muli ndi malo odziwika ndipo wina angakupezeni zinthu zikavuta. Amene mukufuna kulipidwa ndi makampani mufunikanso kulembetsa dzina la bizinesi yanu kuboma, kutenga nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, ndi kutsekula akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesiyo.

Nanga umboni wa luso? Amakaniko athu ambiri anaphunzira pansi pa mtengo wa mango, kwa amalume kapena kwa bwana wa galaja, ndipo manja awo amadziwa zimene ena a masatifiketi sadziwa. Vuto n'lakuti luso la m'manja silioneka pa fomu. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa sukulu ndi kuwapatsa satifiketi malinga ndi zimene akutha kuchita. Kwa munthu amene wagwira ntchito zaka khumi popanda pepala, iyi ndi njira yoyenera kuilondola. Pamene mukudikira, makalata ochokera kwa makasitomala awiri kapena atatu odziwika, pamodzi ndi kalata ya amfumu, amathandiza. Ena amafunanso kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndipo musaipidwe nazo: akukutumizani usiku kwa anthu amene ali okha pathengo.

Eni magalimoto okokera anzawo, aja timawatcha bulekidauni, ali ndi zina zowonjezera. Galimotoyo ikhale ndi COF yosatha ntchito yochokera ku nthambi yoona za pamsewu, inshuwalansi, ndi dalaivala wa laisensi yogwirizana ndi kulemera kwake. Funsaninso a inshuwalansi ngati chitetezo chanu chikukhudza galimoto imene mukukoka. Chingwe chikaduka pamtsetse, limenelo ndilo funso loyamba limene mudzafunsidwe.

Polemba fomu, nenani zoona za kukula kwa ntchito yanu. Ngati mumamata matayala ndi kukonza njinga zamoto zokha, lembani zomwezo. Ngati mulibe chokwera chokufikitsani kupitirira makilomita 20, lembani 20. Munthu amakopeka kuti alembe zonse poganiza kuti foni zichuluka, koma tsiku limene mudzaitanidwe ku thiraki ya mabuleki a mpweya n'kukaima mutagwira m'chiuno, dzina lanu lidzachoka pamndandanda ndipo silidzabwereranso. Anzathu a pa Lizulu ndi madera ena kumene msewu ndiwo malire akumbukirenso kuti tsidya linalo ndi dziko la Mozambique. Chiphaso cha khonsolo chimagwira ntchito mbali ya kuno, choncho galimoto ya kasitomala musaikokere kutsidya ngakhale kutakhala mthunzi wabwino.

Mukalembedwa, chimene chimakusungani m'kaundula ndi foni ndi mtengo. Walira mvula walira matope: ngati munalemba kuti mumapezeka usiku, foni ikhale yoyaka usiku, ndipo kumene magetsi amavuta khalani ndi kasola kotchajira. Ngati simungathe kupita, nenani msanga kuti aitane wina. Kukana sikukuchotsani, koma kuvomera n'kusafika. Mtengo utchuleni musanamasule nati ngakhale imodzi, mosiyanitsa ndalama ya ulendo, ya ntchito ndi ya zipangizo, ndipo perekani lisiti. Chizolowezi chokweza mtengo chifukwa munthu wasowa kolowera, kapena chifukwa nambala ya galimoto ndi yakunja, chimadyetsa tsiku limodzi lokha. Dalaivala akafika kwawo amafotokoza zonse, ndipo mwini kaundula amalemba.

Za mafuta tinene mosabisa. Kugulitsa petulo kapena dizilo m'zigubu popanda chilolezo cha MERA n'kulakwira lamulo, ndipo kampani yolongosoka singafune kuti dzina lake limveke m'nkhani yotere. Musaziike pamndandanda wa ntchito zanu.

Dzitetezeninso nokha. Kugona pansi pa galimoto m'mbali mwa M1 usiku, mabasi akudutsa ndi liwiro, ndi ntchito yoika moyo pachiswe. Nyamulani zikwangwani zonyezimira za makona atatu, chovala chonyezimira, tochi ndi zochirikizira galimoto, osadalira jeke yokha. Mukamaliza, chotsani miyala ndi nthambi zija paphula, chifukwa zikasiyidwa zimagwetsa akabaza m'mamawa. Foni ikachokera kwa munthu wosadziwika, tsimikizani kaye ku ofesi imene inakulembani, uzani wina kumene mukupita, ndipo usiku musapite nokha.

Pali akathyali amene amaimba foni n'kunena kuti akulembani m'kaundula wa kampani yakutiyakuti mukatumiza ndalama pafoni. Musatumize. Pitani kapena imbani ku ofesi ya kampaniyo pa nambala imene mwaipeza nokha, ndipo ngati pali cholipira, pakhale lisiti ndi mgwirizano wolembedwa umene mwauwerenga.

Kumene munthu mmodzi sangakwanitse zonsezi, anthu a pamalo amodzi angaphatikizane: makaniko, wamagetsi a galimoto, womata matayala, wowotcherera ndi wakabaza wowanyamula, onse pansi pa dzina limodzi ndi nambala imodzi. Gulu lotere limayankha mavuto ambiri kuposa munthu payekha, ndipo mtengo wa mapepala amagawana. Amene mukufuna kuyamba, bwerani ku ofesi ya zamalonda kukhonsolo ndi chitupa chanu cha unzika kuti mufotokozeredwe za chiphaso ndi kalembetsedwe ka bizinesi kapena gulu. Amene muli kutali ndi boma, yambani mwalankhula ndi khansala wa wodi yanu.