MABENCHI A M'TCHALITCHI: PHUNZIRO LOCHOKERA KU HOLLAND

Inu mabanja ndi akatekisti a ku Jenda ndi madera onse a kumwera kwa Mzimba, lero tikambirane za zinthu zimene timaziona Lamulungu lililonse koma sitiziganizira konse. Tikunena mabenchi amene timakhalapo, guwa la nsembe, ndiponso gome lowerengerapo Mau a Mulungu.

Nkhani yathu iyambira kutali, ku dziko la Holland, kumene kudachokera ena mwa ansembe ndi masisitere amene adagwira ntchito m'Malawi muno. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, matchalitchi ambiri kumeneko adali ataphwasuka. Tsono mu 1946, mumzinda wa 's-Hertogenbosch mudayambika maphunziro a kamangidwe ka matchalitchi, ndipo adapitirira mpaka 1973. Mmodzi mwa aphunzitsi ake adali Dom Hans van der Laan, wansembe wa chipani cha Benedikto Woyera, amene adabadwa mu 1904 namwalira mu 1991.

Bambo ameneyu ndiye adalemba mapulani a tchalitchi cha abale ake ku Vaals, chimene chidamangidwa m'zaka za m'ma 1960, pamodzi ndi mabenchi, mipando ndi magome ake. Kodi zidali zotani? Zidali za matabwa wamba, oongoka, opanda zosemasema, opakidwa utoto wosawala. Kukongola kwake kudali m'miyeso. Kutalika, kutambalala ndi msinkhu wa benchi zinkagwirizana monga momwe 3 agwirizanirana ndi 4, pafupifupi, ndipo benchilo linkagwirizananso ndi nyumba yonse. Cholinga chidali chakuti maso a munthu asamangoyendayenda, koma apumule ndi kulunjika ku guwa.

Maganizo amenewa adagwirizana ndi Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano. Mu 1963 Aepiskopi adaphunzitsa kuti zipangizo za m'nyumba ya Mulungu zikhale zokongola mwaulemu, osati zoonetsera chuma, ndiponso kuti zithandize Akristu onse kutenga mbali pa Misa.

Koma mverani zimene zidatsatira. Kuyambira zaka zomwezo, anthu ambiri a ku Holland adayamba kuleka kupita ku Misa, ndipo matchalitchi mazanamazana adatsekedwa. Mabenchi ena opangidwa m'kapangidwe kameneka adagwa m'manja mwa amalonda, ndipo lero anthu olemera amawagula pa mtengo wokwera kuti akongoletsere nyumba zao. Thabwa likadali lolimba, koma wogwadapo palibe.

Kwathu kuno zinthu n'zosiyana. Chikhazikitsire Abambo Oyera mishoni ya Katete mu 1938, Mpingo wakhala ukukula, ndipo m'matchalitchi ambiri a kumidzi anthu ndi ochuluka kuposa malo okhala. Agogo akhala pa njerwa, amai oyamwitsa pa mphasa, ana aimirira pakhomo. Nanga tiphunzirepo chiyani?

Choyamba, tisachite manyazi ndi chinthu chosadzionetsera. Sitisowa kudikira ndalama zochokera kunja. Mmisiri wa pa Jenda pompano, ndi sowo, randa ndi matabwa a paini onga a ku Chikangawa, angathe kupanga benchi loyenera nyumba ya Mulungu, malinga ayeze bwino, matabwa akhale ouma, ndipo mabenchi onse afanane.

Chachiwiri, tisamale zimene tili nazo. Chiswe ndi denga lodontha ndiwo adani a thabwa. Inu akatekisti, pemphani mphakati uliwonse kuti uziyendera mabenchi mvula isanayambe, kukhomera misomali yogwedera ndi kupaka mankhwala a chiswe. Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso pamene tadula mtengo umodzi, tibzale ina pabwalo la tchalitchi, kuti adzukulu athu asadzasowe mbawa yopangira guwa.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, ulemu wa benchi ndi munthu wokhalapo. A ku Holland adali ndi amisiri aluso ndi matabwa abwino, komabe zimenezi sizidaletse zitseko kutsekedwa. Inu makolo, malo a mwana wanu pa benchi sadzawasunga mmisiri ai, mudzawasunga ndinu, pobwera naye ku Misa ndi popemphera naye madzulo kunyumba.

Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete, atipempherere, kuti ntchito ya manja athu ikomere Mulungu, ndipo nyumba yake isadzakhale yopanda anthu. Amen.