KHOBIDI LOMWE LINAGULIDWA MADOLA 1.7 MILIYONI

Munthu akasaukitsitsa amati "ndilibe ndi khobidi lomwe," kaamba koti khobidi ndiyo inali ndalama yonyozeka m'thumba la makolo athu. Koma kodi mukudziwa, awerengi athu, kuti alipo makobidi ena amkuwa omwe mtengo wake umaposa wa nyumba ya m'tauni? M'chaka cha 2010, khobidi limodzi la ku Amereka linagulidwa pa mtengo wa madola 1.7 miliyoni. Nkhani zotere zikamveka, anthu amathamangira kukapisa m'masutikesi a agogo, ndipo akathyali nawo amapezerapo mpata. N'chifukwa chake ndi bwino tidziwe chomwe chimakweza mtengo wa khobidi.

Nkhaniyi inayamba ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Khobidi la ku Amereka, lomwe lili ndi nkhope ya Abraham Lincoln kuyambira m'chaka cha 1909, linkasulidwa ndi mkuwa. Nkhondo itafika povuta, mkuwa unayamba kufunika kwambiri popanga zipolopolo ndi mawaya. Tsono m'chaka cha 1943 boma linalamula kuti makobidi onse asulidwe ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki. Mafakitale atatu osula ndalama, a ku Philadelphia, Denver ndi San Francisco, anatulutsa makobidi achitsulo oposa 1 biliyoni, otuwa ngati siliva.

Koma m'zotengera za m'mafakitalemo munatsalira tizidutswa tingapo tamkuwa ta chaka cha 1942 tomwe tinali tisanadindidwe. Tizidutswati tinasakanikirana ndi tachitsulo, n'kudindidwa chaka cha 1943, ndipo tinatuluka kukalowa m'manja mwa anthu popanda woona. Mpaka lero makobidi amkuwa a 1943 omwe akatswiri anawatsimikiza ndi ongopitirira pang'ono 20. Mwa amenewa, la ku Denver, lomwe lili ndi chilembo cha D pansi pa chaka, lilipo limodzi lokha, ndipo ndilo lija linagulidwa madola 1.7 miliyoni.

Anthu atamva za makobidiwa, kunabuka mphekesera yoti kampani ya galimoto ya Ford ipereka galimoto yatsopano kwa aliyense wobweretsa khobidi lamkuwa la 1943. Linali bodza, koma ana ndi akulu omwe anayamba kuunguza chenji chilichonse. M'chaka cha 1947, mnyamata wina wa zaka 16 ku Pittsfield, m'chigawo cha Massachusetts, analipeza pa chenji chomwe anam'bwezera pogula chakudya kusukulu. Atafunsa ku boma anamuyankha kuti makobidi onse a 1943 anali achitsulo. Iye sanalitaye ayi, analisunga zaka zoposa 70. Atamwalira m'chaka cha 2018, khobidilo linagulitsidwa pa okushoni mu Januwale 2019 pa mtengo wa madola 204,000. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Maiko enanso ali ndi makobidi awo osowa. Ku Britain, m'chaka cha 1933 mabanki anali ndi makobidi okwanira, motero boma silinasule ena oti anthu azigulira zinthu. Linangosula asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri basi. Atatu anakwiriridwa pansi pa miyala ya maziko a nyumba zikuluzikulu, monga unalili mwambo wa nthawi imeneyo, ndipo limodzi mwa amenewa mbala zinalifukula pa tchalitchi china ku Leeds m'chaka cha 1970. Ku Australia khobidi lofunidwa kwambiri ndi la chaka cha 1930, lomwe linasulidwa pang'ono chabe pa nthawi ya mavuto a zachuma a dziko lonse.

Mukaonetsetsa nkhani zonsezi, muona kuti mtengo sukuchokera pa mkuwawo. Mkuwa wa m'khobidi limodzi ndi wolemera magalamu ochepa, sungagule ngakhale buledi. Mtengo sukuchokeranso pa ukalamba, pakuti zilipo ndalama zamkuwa za Aroma za zaka zoposa 1,600 zomwe zimagulidwa ndi madola ochepa, chifukwa zinafukulidwa zambirimbiri. Chomwe chimakweza mtengo ndi kusowa kwa khobidilo, kuchuluka kwa anthu olifuna, ndi maonekedwe ake ngati silinaperepeseke. Pamwamba pa izi pafunika umboni wa akatswiri. Ku Amereka kuli makampani monga PCGS ndi NGC omwe amayeza ndalama, n'kuitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kolembedwa mlingo wake. Popanda umboni wotere palibe wogula wanzeru angatulutse chuma chake.

Tisaiwalenso kuti mtengo umatha kutsika. Khobidi lija la ku Denver litagulitsidwanso m'chaka cha 2021, linapita pa madola 840,000, pafupifupi theka la mtengo wa 2010.

Kumene kuli ndalama sikusowa achinyengo, ndipo makobidi abodza a 1943 ndi ochuluka zedi kuposa enieni. Ena amatenga khobidi lachitsulo n'kulikuta ndi mkuwa. Ena amatenga la 1948 n'kupala mbali ya kumanzere ya nambala 8 kuti ioneke ngati 3. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwamwayi kuyesa koyamba n'kosavuta, mwana wasukulu akhoza kuchita. Tengani maginito. Khobidi likamamatira, ndi chitsulo chokutidwa basi. Likapanda kumamatira, liikeni pa sikelo: lamkuwa lenileni limalemera magalamu 3.11, pomwe lachitsulo limalemera magalamu 2.7. Kenaka yang'anitsitsani nambala 3. Pa khobidi lenileni, mchira wa nambalayi umatsikira pansi motalika ndithu, chimodzimodzi pa khobidi lachitsulo la chaka chomwecho. Likapambana mayeso atatuwa, m'pamene liyenera kupita kwa akatswiri.

Nanga makobidi omwe ali m'nyumba zathu kuno? Mabanja ambiri akusungabe makobidi obooka pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, okhala ndi njovu ziwiri, omwe anasulidwa pakati pa 1955 ndi 1963. Ena ali ndi makobidi a Malawi a 1967 ndi 1968, kwacha ndi tambala zisanabwere m'chaka cha 1971. Kunena zoona, makobidi amenewa anasulidwa mamiliyoni, ndipo ambiri mwa iwo, makamaka operepeseka, mtengo wake ndi wochepa. Choncho munthu akakuuzani kuti ali ndi wogula wakunja wofuna khobidi lobooka pa mtengo wa mamiliyoni, koma muyambe mwapereka ndalama ya ulendo kapena yoyezetsera, dziwani kuti akufuna kukudyerani masuku pamutu. Wogula weniweni ndiye amalipira, salipiritsa. Chimodzimodzinso munthu wokugulitsani khobidi motchipa, ati kuti mukalemere nalo: likadakhala lenileni akadakalemera nalo yekha.

Ngati muli ndi ndalama zakale, musazikweche ndi mchenga, phulusa kapena mandimu pofuna kuti ziwale. Ogula amafuna khungu lomwe mkuwa umavala ndi zaka, ndipo khobidi lokwechedwa limatsika mtengo kwambiri. Ligwireni m'mphepete, lisungeni pouma, lililonse m'kapepala kakekake, ndipo lembani chaka chake ndi dzina la yemwe anakusiyirani.

Ku Amereka komweko khobidi lafika kumapeto. Kuyambira m'chaka cha 1982 linkasulidwa ndi zinki wokutidwa ndi mkuwa pang'ono, ndipo pofika 2024 kusula limodzi kunkadya pafupifupi makobidi anayi. Mu Novembala 2025 fakitale ya ku Philadelphia inadinda khobidi lomaliza la pamsika. Izi sizisandutsa makobidi wamba kukhala chuma, poti alipo mabiliyoni. Athu obooka aja nawo sangatigulire galimoto, koma akhoza kuphunzitsa ana athu mbiri ya dziko lino. Atulutseni madzulo ena, muwafotokozere zomwe agogo ankagula ndi khobidi limodzi.