ZA MAULENDO A MCENGA WA KUNYANJA YA MCERE

Munthu akaima pagombe la nyanja naona mcenga woyera uli mbee, ayesa kuti ukhala pomwepo masiku onse monga phiri. Koma si kutero ai. Mcenga wa pagombe ndiwo mlendo: umene muuponda lero suli uja munauponda caka catha. Tiyeni tione mayendedwe ace, ndi zimene zinaoneka ku Durban, doko lalikuru la ku South Africa, pamene anthu anautsekera njira.

Mcenga wambiri ubadwira kumtunda. Mvula ndi dzuwa ziphwanya miyala ya m'mapiri, ndipo mitsinje isenza timiyala tosweka nikatitula m'nyanja. Pamenepo mafunde aulandira. Funde likali pamadzi akuya silikhudza pansi. Koma likafika posaya, pamene kuya kwa madzi kucepera theka la mtunda wa pakati pa funde ndi linzace, liyamba kuvundula mcenga wa pansi ndi kuuyendetsa.

Maulendo ace ali awiri. Woyamba ndiwo wolowa ndi kutuluka. Pa nyengo ya namondwe mafunde akuru akokolola gombe, natula mcenga pansi pa madzi patsogolo pang'ono, kumene uunjikana ngati mzere waukuru wa m'munda. Mzere umenewo ndiwo nkhokwe ya gombe, ndiponso linga lace, pakuti mafunde aukali asweka pamenepo asanafike kumtunda. Nyanja ikacita bata, mafunde ofatsa aubweza pang'onopang'ono, gombe nilikulanso. Inu a kunyanja kwathu muziona zomwezi pa nyengo ya mwera. Koma mcenga umene wakokedwa kufikira kwakuya, kumene mafunde safika pansi, subweranso kawirikawiri.

Ulendo waciwiri ndiwo wotsata gombe. Mafunde ambiri safika molunjika, koma copendekera. Funde likankha mcenga kukwera nao copendekera, ndipo madzi pobwerera atsika nao molunjika. Cotero mcenga usendera m'mbali pang'ono, funde lina niliusendezanso, usana ndi usiku. Mtsinje wa mcenga uyenda m'mbali mwa dziko, ngakhale maso sauona.

Tsono ku Durban mtsinje umenewu ucokera kumwera kunka kumpoto, ndipo akatswiri awerenga kuti pa caka upititsa makyubiki mita okwana ngati 500,000. Kunena kwina, malole 50,000, iri yonse yosenza makyubiki mita 10. Kale mcenga umenewu unaunjikana pakhomo pa doko, madzi nakhala osaya, kotero kuti zombo zazikuru zinaima kunja, ndipo zambiri zinasweka ndi mphepo. Kuyambira zaka za m'ma 1850 anthu anayamba kumanga makoma a miyala oloza m'nyanja, pambuyo pace nabwera ndi zombo zokumba pansi. Nchito inali yaitali ndi yowawa, kufikira m'caka ca 1904 pamene combo cacikuru ca mtengatenga, dzina lace Armadale Castle, cinalowa m'doko, mzinda wonse nukondwera.

Koma taonani cimene cinatsata. Mcenga unatsekeka kumwera kwa khoma, ndipo magombe a mzinda, amene ali kumpoto kwa doko, anasowa cakudya cao. Mafunde sanaleke kucotsa mcenga, koma panalibe wina wolowa m'malo mwace. Gombe linaonda, nyanja niyandikira miseu ndi nyumba. Pamenepo anthu anakakamizika kugwira ndi makina nchito imene nyanja inkagwira yokha kwaulere: combo cikumba mcenga kumwera kwa khomo la doko, ndipo makina aupopa m'mipope pamodzi ndi madzi kukautula pamagombe anjalawo. Ndalama zace nzambiri, ndipo nchito yotere iribe tsiku lomariza, popeza mafunde sapumula.

Palinso vuto lina locokera kumtunda. Madamu omangidwa pamitsinje, monga la Inanda pa mtsinje wa Umgeni, asunga madzi akumwa, komanso agwira mcenga kuti usatsike. Ndipo okumba mcenga womangira nyumba aucotsa m'mitsinje usanafike kunyanja. Gombe loonda silipirira tsiku loipa. M'mwezi wa Marichi 2007 mafunde akuru zedi anakumana ndi kukwera kwakukuru kwa madzi a nyanja, nagumula miseu ndi nyumba za m'mbali mwa nyanja ku Ballito ndi malo ena a cigawo ca KwaZulu-Natal.

Cifukwa cace, abale, musayese mcenga cinthu cacabe copanda mwini. Wakumba kuno walanda gombe la mnzace kutsogolo, ngakhale sanamuone nkhope. Nafenso tiri ndi mitsinje ndi magombe, ndipo ngolo ndi malole zituta mcenga tsiku ndi tsiku. Kumanga nyumba nkwabwino. Koma mafumu ndi akuru a mudzi apangane za malo okumbapo ndi malo oleka, makamaka pafupi ndi milatho, manda ndi madooko a asodzi. Paja akuru anati madzi akatayika saoleka. Gombe likapita, kulibweza kufuna cuma cimene mudzi ulibe.