FUNSO LIMENE LINABALA MINDA YA JEREJERE KU MSEKERA

Anthu a ku midzi akaona galimoto la ofufuza za ulimi litaima pa munda, ambiri amayesa kuti nchito ya anthu amenewa ndiyo kupima dothi ndi kulemba manambala m'mabuku. Zimenezo amacitadi. Koma nchito yobvuta koposa imacitika cingwe copimira cisanatambasulidwe, ndiyo kusankha bvuto loyenera kulifufuza. Ndalama za kafukufuku n'zocepa, ndipo kuyesa kumodzi kwa m'munda kumadya dzinja lathunthu, mwinanso madzinja asanu. Wofufuza akasankha funso lolakwika, zaka zimenezo zapita pacabe, ndipo nkhokwe ya mlimi ikhala monga inaliri.

Dziko lino linaziona zimenezi pa cimanga. Mbeu ya SR52, imene inatuluka ku Southern Rhodesia mu 1960, inali yobereka kwambiri, koma inayenera alimi a mafamu akulu obzala ndi mvula yoyamba, pakuti imatenga miyezi isanu kapena kuposerapo kuti ikhwime. Mlimi wa khasu, kapena wodikira kubwereka ng'ombe za mnzace, amabzala mocedwa, ndipo mvula imaleka cimanga cikali ciwisi. Akatswiri anafunsa kuti ndi mbeu iti ibereka koposa. Mlimi wamng'ono anafuna mbeu yoti ice ngakhale wacedwa kubzala. Mu 1980 Boma linakhazikitsa gulu lochedwa Adaptive Research Planning Team, kuti ofufuza aziyamba amva zobvuta za alimi asanaganize zoyesa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ku Mount Makulu kunatuluka mbeu zoca msangako, monga MM603 ndi MM604.

Citsanzo ca pafupi ndi ife ciri ku Msekera, malo a kafukufuku a pafupi ndi Cipata. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ofufuza a Boma pamodzi ndi a bungwe la ICRAF, la ku Nairobi, anayendera midzi ya m'maboma a Cipata ndi Katete kukafunsa alimi. Safunsa anadya phula. Madandaulo akulu anali kuguga kwa nthaka, kusowa kwa cakudya ca ng'ombe m'cirimwe, ndi kutalikira kwa nkhuni.

Onsewa ndi mabvuto enieni, koma munthu sangathamangitse mbewa zitatu nthawi imodzi. Posankha, wofufuza ayenera kuona bvuto limene lagwira mabanja ambiri, limene gwero lace lingadziwike, ndiponso limene mankhwala ace mlimi angawakwanitse ndi manja ace ndi thumba lace. Mfundo yotsirizayi ndiyo imaiwalika kawirikawiri. Mankhwala a nthaka yoguga anali odziwika kale, ndiwo fetereza. Koma kuuza mai wamasiye wopanda ndalama kuti agule matumba anai sikumthandiza konse.

Ngakhale mau akuti "nthaka yaguga" sali funso ai, ndi dandaulo cabe. Ofufuza anayenera kulisema kufikira litasongoka. Cimene cinali kusowa kwambiri m'nthaka ndi naitirojeni, cakudya cija cimene cikacepa masamba a cimanga amacita cikasu. Makolo ankabwezera mphamvu imeneyi pogoneka munda kukhala tsala zaka zambiri, koma anthu atacuruka malo ogoneka anacepa. Tsono funso linakhala lotere: kodi mtengo wokula msanga, umene mizu yace imaika naitirojeni m'nthaka, ungacite m'zaka ziwiri kapena zitatu nchito imene tsala linkacita m'zaka zambiri? Funso lotere munda ungaliyankhe.

Dr. Freddie Kwesiga, a ku Uganda, ndi anzao anayesa jerejere, kamtengo kamene kamamera kokha m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Kuyambira mu 1987 anagawa munda m'zigawo zing'onozing'ono. Mwina jerejere anakhala caka cimodzi, mwina ziwiri, mwina zitatu, asanadulidwe kuti abzalemo cimanga. Pambali pace anasiya zigawo zolimidwa cimanga caka ndi caka popanda jerejere. Zigawo zimenezi zimaoneka ngati kutaya malo, koma ndizo mboni: popanda izo, ndani angadziwe ngati cimanga cabereka cifukwa ca mtengo kapena cifukwa ca mvula yabwino ya caka cimeneco? Ndiponso pa kafukufuku wotere njira iri yonse imabwerezedwa m'zigawo zingapo, ndipo malo ace amasankhidwa mwa maere, kuopa kuti njira imodzi ingagwere pa culu kapena pa khola lakale n'kuoneka yopambana.

Zotuluka zace zinadabwitsa. Popanda fetereza, munda wogonekedwa ndi jerejere zaka ziwiri unapatsa matani oposa 5 pa hekitala, pamene wolimidwa kosalekeza sunafike matani 2. Pa lima imodzi, ndiko kuti matumba oposa 25 a makilogalamu 50, poyerekeza ndi matumba osafika 10.

Koma Msekera si mudzi. Kuyambira m'ma 1992 kuyesa kunasamukira m'minda ya alimi. Minda yina ofufuza ankaiyang'anira okha, yina anapanga mapulani n'kusiyira mwini munda, ndipo yina mlimi anacita monga anafunira. Alimi ena anaona kuti mbande zozulidwa pa nazale popanda timatumba ta pulasitiki zimagwira bwino, ndipo zimanyamulika zambiri m'beseni limodzi. Ena anabzala mitengo pamodzi ndi cimanga caka coyamba, kuti munda usagone osapatsa kanthu. Ambiri anakonda ububa ndi nyamundolo, zimene njere zace zimafesedwa m'munda momwemo popanda nazale.

Kumeneko kunaturukanso mabvuto amene funso loyamba silinawaone. Tizirombo tina tinadya masamba a jerejere. Ng'ombe zotayiriridwa m'cirimwe zinalowa m'minda, ndipo moto wa osaka mbewa unapsereza mitengo ya zaka ziwiri m'tsiku limodzi. Ici sicinali ca mu botolo la wasayansi. Cinapita ku mabwalo a mafumu, ndipo m'zaka za m'ma 1990 mafumu akulu a Angoni ndi Acewa anaika malamulo oletsa kutentha chire ndi kulekerera ziweto m'minda ya mitengo.

Panatsala mlimi wa munda waung'ono, amene sangathe kugoneka ngakhale lima imodzi. Cifukwa ca iye ofufuza anatembenukira ku gliricidia, mtengo umene ukadulidwa umaphukanso, kotero kuti umakhala m'munda pamodzi ndi cimanga zaka zambiri, masamba ace nakwiriridwa m'mizere dzinja liri lonse. Mu 2002 Boma linayamba cilinganizo ca fetereza wotsika mtengo, ndipo alimi ena amene anaupeza analeka kubzala jerejere.