Msonkhano wa pa telefoni

Lichinga ndi likulu la cigawo ca Niassa. Metangula ili m'mbali mwa nyanja. Cuamba ili kum'mwera, kumene kumacokera sitima ya pamtunda. Maputo ili kutali kwambiri, makilomita oposa 2000 pa msewu.

Masiku ano anthu a m'malo onsewa angathe kucita msonkhano umodzi, aliyense ali kwawo. Amagwiritsa nchito telefoni kapena kompyuta yokhala ndi intaneti. Amaonana nkhope ndipo amamvana mawu.

Caka ca 2020 kunagwa mliri wa Covid-19. Mwezi wa Marichi sukulu za mu Moçambique zinatsekedwa. Anthu analetsedwa kusonkhana ambiri pamodzi. Pamenepo misonkhano ya pa Zoom ndi pa WhatsApp inaculuka.

Pa bwalo la mfumu anthu salankhula onse nthawi imodzi. Wina akamalankhula, ena amakhala cete. Msonkhano wa pa telefoni nawonso umafuna mtsogoleri.

Mtsogoleri amatumiza uthenga woitana anthu. Amanena tsiku ndi nthawi. Nthawi ikakwana, amaona maina a ofuna kulowa. Amalola okhawo amene anaitanidwa. Wina akamasokoneza, mtsogoleri angathe kumutulutsa.

Telefoni ili ndi maikolofoni, kacida kamene kamatola mawu. Maikolofoni sisankha. Imatola mawu a munthu, kulira kwa tambala ndi kusinja kwa pa mtondo. Anthu khumi akatsegula maikolofoni onse pamodzi, limangokhala phokoso. Ndiye cifukwa cake mtsogoleri amapempha kuti aliyense atseke yake. Pa Zoom iye angathe kutseka zonse kamodzi.

Wofuna kulankhula amadina kacithunzi ka dzanja. Kucita zimenezi n'cimodzimodzi kukweza mkono m'kalasi. Mtsogoleri amaitana anthu mmodzi mmodzi. Woitanidwa amatsegula maikolofoni. Akatha kulankhula amatsekanso.

Kumidzi intaneti imafooka kawirikawiri, ndipo mawu amadukaduka. Mtsogoleri amauza munthuyo kuti azimitse kamera. Cithunzi cimadya intaneti yambiri kuposa mawu. Kamera ikazima, mawu amamveka bwino.

Pali ena amene amakonda kulankhula nthawi yaitali. Pali ena amanyazi amene amangokhala cete. Mtsogoleri wabwino amadula wotalikitsa mwaulemu. Amafunsanso wacete uja maganizo ake. Akapanda kutero, munthu wa ku Metangula angawononge ndalama zake za intaneti osanenako kanthu.

Pomaliza mtsogoleri amabwereza zimene agwirizana. Amathokoza onse, kenaka amatseka msonkhano.

Mafunso
1. Kodi likulu la cigawo ca Niassa ndi liti?
2. N'cifukwa ciani anthu amatseka maikolofoni?
3. Kodi wofuna kulankhula amatani?

Nchito ya kunyumba
Banja likhale pamodzi madzulo. Mwana akhale mtsogoleri. Aliyense akweze mkono asanalankhule, ngakhale agogo amene.